Mafunso ndi Mayankho: Kutengera Ana Ophunzira Pakhomo pa Ulendo wa Sitima

Makalata a mwezi uno achokera kwa makolo amene amaphunzitsa okha ana awo pakhomo, ndipo onse akufunsa za ulendo wokaphunzira wa pa sitima yapamtunda. Mafunso ofanana tawaphatikiza. Akuyankha ndi odziwa za kasungitsidwe ka malo a magulu pa njanji.

Ndife mabanja asanu ndi limodzi ophunzitsa ana pakhomo. Tikufuna ana akwereko sitima, aone ndi maso zimene amangowerenga m'mabuku. Tamva kuti anthu akakhala gulu amawachotsera mtengo. Kodi tiyenera kukhala angati, ndipo tiyambire pati? — Mayi wa ana atatu

Mayi, kampani iliyonse ya njanji ili ndi nambala yakeyake imene imati apa ndiye payambira gulu. Deutsche Bahn ya ku Germany imayambira pa anthu 6, makampani a JR ku Japan pa anthu 8, pamene SBB ya ku Switzerland ndi SNCF ya ku France zimayambira pa 10. Ku Britain makampani ena ali ndi tikiti yotchedwa GroupSave, ya anthu 3 mpaka 9, imene imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo pa maola amene sitima sizidzaza. Mukafika 10 amakulozerani ku ofesi yoona za magulu. Choncho choyamba n'kufunsa nambala ya kampani imene mudzakwere.

Powerenga anthu musaphatikizemo makanda okwera ulere, chifukwa nthawi zambiri amawerenga okhawo amene ali ndi tikiti yolipira. Ku Britain mwana wosakwana zaka 5 salipira, ku Germany ndi ku Switzerland ndi wosakwana zaka 6, pamene pa Amtrak ya ku America ndi wosakwana zaka 2. Mwana wokwera ulereyo kawirikawiri sakhala ndi mpando wake, amakhala pamiyendo. Wa zaka zinayi kum'fukata kwa ola lathunthu ndi ntchito. Ndi bwino kum'gulira tikiti ya ana, ndipo mwina iyeyo ndi amene angakwaniritse nambala ya gulu.

Musanalembere kampani, khalani ndi pepala limodzi lokhala ndi dzina la aliyense ndi zaka zimene adzakhale nazo pa tsiku la ulendo, osati zimene ali nazo lero. Pa Amtrak theka la mtengo ndi la ana a zaka 2 mpaka 12, ndiye amene adzakhale atakwanitsa 13 pofika tsiku la ulendowo adzalipira ngati wamkulu. Sankhani masiku awiri, lina lapadera podziwa kuti loyambalo akhoza kukukanizani. Apa mabanja ophunzitsa pakhomo muli ndi mwayi umene sukulu zambiri zilibe: mungathe kusankha Lachiwiri, Lachitatu kapena Lachinayi, kunyamuka anthu opita kuntchito atatha kale, ndi kubwerera iwo asanaweruke. Mipando yopanda anthu ya maola amenewo ndi imene kampani imafuna kugulitsa motsika. Lachisanu madzulo ndi masiku oyandikira tchuthi musayembekezere kuchotseredwa.

Lemberani ofesi ya magulu kutatsala milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu. Zimene akuuzani pafoni apempheni azilembenso pa imelo: ndalama zonse pamodzi, tsiku lomaliza kulipira, tsiku lomaliza kusintha chiwerengero, ngati mipando yasungidwa m'bogi imodzi, ndiponso zimene amabweza ulendo ukalephereka.

Tsono pali msampha umene umakola makamaka magulu okhala ndi ana ambiri. Tiyerekeze kuti tikiti ya wamkulu ndi 100, ya mwana ndi 50, ndipo inu muli akulu 8 ndi ana 14. Mukagula mwa masiku onse, akulu ndi 800, ana ndi 700, zonse 1,500. Kampani ikati ichotsa 20 peresenti, funsani kuti ikuchotsa pa chiyani. Ngati ikuchotsa pa mitengo yonse iwiri, mulipira 1,200, ndiye mwapindula. Koma ngati mtengo wa gulu ndi umodzi kwa aliyense, wowerengedwa kuchokera pa tikiti ya wamkulu, ndiye kuti anthu 22 kuchulukitsa ndi 80, zomwe ndi 1,760. Pamenepo "kuchotsera" kuja kwakuwonjezerani 260. GroupSave imene tatchula ija ili choncho: wolowa m'gulumo amalipira pafupifupi 67 pa 100, pomwe tikiti ya mwana wa zaka 5 mpaka 15 ndi theka kale. Nzeru yake n'kuika akulu okha pa tikiti ya gulu, ana n'kuwagulira yawo. Onaninso makadi a mabanja. Family & Friends Railcard ya ku Britain komweko imachotsa gawo limodzi mwa atatu kwa akulu osapitirira anayi ndi 60 peresenti kwa ana osapitirira anayi, moti mabanja angapo okhala ndi khadi lotere akhoza kulipira zochepa kuposa gulu lalikulu. Kuipa kwake n'kwakuti aliyense akagula payekha mipando imamwazikana.

Kampani ina ili ndi mtengo wapadera wa ana a sukulu, wotsika kuposa wa magulu wamba. Ife tilibe dzina la sukulu kapena chidindo. Kodi angatilole? — Bambo wotsogolera kagulu ka makolo

Zimatengera mawu amene alembedwa m'malamulo a tikitiyo, Bambo, ndiye awerengeni bwino. Akalemba kuti "magulu a ana ndi achinyamata" kapena "maulendo a maphunziro", muli ndi khomo lolowera. Akalemba kuti sukulu yovomerezeka, yotsogozedwa ndi mphunzitsi wa pasukulupo, monga zimakhalira ndi mtengo wa magulu a ophunzira ku Japan, khomo ndi lopapatiza.

Kumbukirani kuti lamulo la kuphunzitsa ana pakhomo limasiyana dziko ndi dziko. Ku America n'kololedwa m'zigawo zonse 50, ngakhale mapepala ofunika amasiyana. Ku South Africa makolo amalembetsa mwana ku nthambi ya maphunziro ya chigawo chawo. Ku Germany mwana aliyense amayenera kupita kusukulu, ndiye wogulitsa matikiti kumeneko sangakhale ndi malo pa fomu yake olembapo gulu ngati lanu. Kumene makolo amalembetsa, kalata ya boma yosonyeza zimenezo ndi umboni wabwino. Kumene salembetsa, lembani kalata yachidule yonena kuti ndinu gulu la mabanja ophunzitsa pakhomo, ana ndi angati, a zaka ziti, akukaphunzira chiyani, ndipo wotsogolera ndani. Ngati mukupita kunyumba yosungirako zinthu zakale kapena malo ena amene avomera kukulandirani ngati gulu la maphunziro, ikaniponso kalata yawo.

Funso limeneli musakalifunse pawindo la matikiti, poti wa pawindo alibe mphamvu yomasulira lamulo. Lipite ku ofesi ya magulu, ndipo yankho lake mulisindikize n'kuyenda nalo. Chimene simuyenera kuchita n'kubwereka dzina la sukulu ya mnzanu. Woyendera matikiti akakafunsa umboni m'sitima n'kupeza kuti palibe, tikitiyo imaonedwa ngati yosagwira ntchito, ndipo mukhoza kulipira mtengo wonse kuphatikizapo chindapusa, ana akuonerera.

Mtengo wa sukulu nthawi zambiri umabwera ndi malire a akulu operekeza, mwachitsanzo wamkulu mmodzi pa ana angapo. Magulu a makolo amakhala ndi akulu ambiri kuposa a sukulu, ndiye otsalawo amagula tikiti wamba. Ziwerengereni pamodzi musanasangalale.

Chaka chatha ndinalipiriratu matikiti a anthu onse ndi ndalama zanga. Mabanja awiri anasintha maganizo kutatsala masiku atatu, ndipo mpaka lero sanandibwezere. Ndichite bwanji ulendo uno? — Mayi wokhumudwa

Pepani Mayi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo: pa mndandanda wopita ku kampani pazilembedwa okhawo amene alipira. "Tiliko" wa pa WhatsApp asamawerengedwe.

Ikani tsiku lanu lotsekera kutatsala mlungu umodzi kuti lifike tsiku limene kampani yakupatsani, chifukwa pamakhala wina wochedwa. Uzani onse mwa kulemba, asanapereke kalikonse, kuti ndalama sizibwezedwa pokhapokha kampani itabweza kapena patapezeka wolowa m'malo. Funsani ngati matikiti ali ndi maina. Ngati alibe, mpando wa amene wasiya mungaupereke kwa banja lina popanda vuto. Khalani ndi mayina awiri kapena atatu a odikirira.

Musamaime ndendende pa nambala ya kampani. Ngati gulu limayambira pa 10, yesetsani kukhala ndi 12 kapena 13 olipira, chifukwa mukatsika kufika pa 9 kuchotsera kumatha kwa onse, osati kwa wosiyayo yekha. Zikachitika, werengani musanataye mtima. Anthu 9 pa mtengo wa 100 ndi 900, pamene matikiti 10 ochotseredwa 30 peresenti ndi 700. Kulipirira mpando wopanda munthu kungakhale kotchipa, ndipo makampani ena amalola, afunseni. Ngati kampani ikupereka tikiti imodzi yaulere ya wotsogolera, gwirizanani poyambirira ngati ndi ya amene wavutika kukonza ulendo kapena phindu lake ligawidwe kwa onse. Kankhani kakang'ono kameneka kamadanitsa anthu.

Chimene chikundiopsa ndi pasiteshoni. Tidzakhala ndi ana pafupifupi 20, ena a zaka zisanu. Tingatani kuti wina asatsale kapena kuvulala? — Agogo operekeza adzukulu

Agogo, mantha anuwo ali m'malo. Vuto la magulu a makolo si kuchepa kwa akulu, koma kuti akulu akachuluka aliyense amaganiza kuti mnzake ndi amene akuyang'ana. Amayi awiri akucheza, mwana wa mmodzi wa iwo wapita kukasuzumira njanji. Choncho mwana aliyense alembedwe pansi pa dzina la wamkulu mmodzi, ndipo mwanayo adziwe kuti lero wanga ndi uyu. Kwa ana osakwana zaka 8, wamkulu mmodzi asapitirire ana anayi kapena asanu. Wotsogolera, amene wanyamula matikiti ndi mndandanda, asapatsidwe mwana aliyense, ngakhale wake.

Kumanani kutatsala mphindi 45, pamalo odziwika kunja kwa zipata za matikiti, ndipo ana apite kuchimbudzi musanalowe. Tikiti ya gulu kawirikawiri imakhala imodzi kapena imafuna kuti nonse muyendere limodzi, ndiye banja lochedwa silingakwere sitima yotsatira ndi tikiti yomweyo. Zimenezi muwauziretu. Tikitiyo muisindikize papepala kuwonjezera pa ya m'foni, batire limatha. Pachipata pemphani wogwira ntchito akutsegulireni cha m'mbali chachikulu chija, m'malo moti ana 20 azidutsa mmodzimmodzi pa makina.

Papulatifomu ana aime kumbuyo kwa mzere wachikasu, makamaka atatsamira khoma, kufikira sitima itaimiratu. Sitima ina yothamanga imatha kudutsa osaima, ndipo mphepo yake imakoka zipewa, mapepala ngakhale chikuku cha mwana chosamangidwa mabuleki. Chinthu chikagwera panjanji, chikhale chidole kapena foni, palibe wotsika. Muuze wogwira ntchito. Musanyamule mabaluni onyezimira kapena ndodo zazitali zojambulira, chifukwa mawaya a pamwamba pa njanji zambiri amanyamula mavoti 25,000 ndipo magetsi otere amatha kudumpha munthu asanakhudze waya.

Pokwera ndiye pofunika dongosolo. Pa masiteshoni a panjira sitima imaima mphindi imodzi kapena ziwiri, pena osakwana. Anthu 30 sangalowe pakhomo limodzi m'nthawi imeneyo ali ndi zikwama. Dziwiranitu nambala ya bogi yanu ndi pamene imaima, gawani gulu pawiri kuti mulowere makomo onse awiri a bogiyo, ndipo pakhomo lililonse wamkulu mmodzi alowe koyamba n'kumalandira ana, wina atsalire pansi mpaka mwana womaliza atakwera. Ana aang'ono agwiridwe dzanja podumpha mpata wa pakati pa sitima ndi pulatifomu, umene umakula siteshoni ikakhala pokhota. Akalowa apitirire mkati, zokangana za mpando wa pawindo zidzakambidwe sitima itanyamuka. Ngati n'kotheka kwererani pa siteshoni imene sitimayo imayambira ndipo tsikirani pamene imathera. Pamenepo mumakhala ndi mphindi zambiri.

Werengani ana kanayi ulendo uliwonse: musanalowe papulatifomu, mutangokhala pansi, kutatsala siteshoni imodzi kuti mutsike, ndiponso mutatsika sitima isanachoke. Kuitana maina kumaposa kuwerenga mitu, poti mwana wa eni wovala juzi lofanana akhoza kukwaniritsa nambala. M'thumba la mwana aliyense muikemo kakhadi kokhala ndi nambala ya foni ya wotsogolera, koma dzina la mwanayo lisaonekere kunja kwa chovala. Aphunzitseni malamulo awiri okha, oti angawakumbukire akuchita mantha: ukatsala papulatifomu, ima pomwepo kutali ndi njanji, uuze wovala yunifolomu; ukatsala m'sitima, khala pampando wako, uuze kondakitala. Kondakitalayo mum'dziwitse mutangokwera kuti ndinu gulu ndipo mukatsikira pakuti.

Sindikufuna kuti ukhale ulendo wongodya ndi kujambula zithunzi. Kodi m'sitima muli phunziro lanji lenileni, loposa kuwerenga ng'ombe pawindo? — Mayi wophunzitsa ana a zaka 7, 10 ndi 13

Muli masamu ndi sayansi zokwanira mwezi wathunthu, bola zina muyambire kunyumba. Perekani ndandanda ya nthawi za sitima kwa wa zaka 10 kuti apeze yekha sitima yoyenera, awerenge nthawi ya maola 24, ndipo awerengere kuti ulendo utenga mphindi zingati. Wa zaka 13 agawe mtunda ndi nthawi kuti apeze liwiro la pakatikati, kenako m'sitima akayeze liwiro lenileni. M'mbali mwa njanji zambiri muli zikwangwani zazing'ono zosonyeza makilomita. Awerenge masekondi kuchokera pa kilomita imodzi kufika pa yotsatira, ndipo agawe 3,600 ndi masekondiwo. Masekondi 45 ndiye kuti makilomita 80 pa ola, masekondi 30 ndi 120. Ku Britain zikwangwanizo zimaikidwa pa kota iliyonse ya mailo, ndiye amagawa 900 kuti apeze mamailo pa ola. Funso labwino lobwera pambuyo pake n'lakuti n'chifukwa chiyani liwiro la pakatikati lili lotsika chotere poyerekeza ndi limene wayeza.

Ndandanda yomweyo ili ndi mbiri yake. Njanji zisanabwere tauni iliyonse inkatchera wotchi potengera dzuwa, moti nthawi ya ku Bristol inkatsalira pafupifupi mphindi 10 poyerekeza ndi ya ku London. Sitima sizikanayenda bwino choncho, ndipo mu 1840 kampani ya Great Western Railway inayamba kugwiritsa ntchito nthawi ya London pa masiteshoni ake. Wotchi ya pa nyumba ya Exchange ku Bristol mpaka pano ili ndi mivi iwiri ya mphindi. Ku America ndi ku Canada makampani a njanji anayamba kutsatira zigawo za nthawi pa 18 November 1883.

Phunziro limene ana saliiwala ndi la magudumu. Afunseni kuti sitima imakhota bwanji popeza ilibe chiwongolero, komanso magudumu awiri a mbali ziwiri amangidwa pa chitsulo chimodzi. Yankho lili m'kapangidwe kake: gudumu la sitima ndi lokulirapo cha mkati, locheperako cha kunja. Pokhota, gudumu la kunja limayendera pamene pali potakata, la mkati pamene pali pochepa, ndiye lakunjalo limayenda mtunda wautali pa kuzungulira kumodzi. Yesani kunyumba ndi makapu awiri a pepala. Amatani ndi tepi kukamwa ndi kukamwa, muwagubuduze pa timatabwa tiwiri totsetsereka: adzibweza okha pakati. Kenako amatani matako ndi matako, muone mmene akugwera kumbali. Wa zaka 7 angachite zimenezi yekha.

Mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji nawo ndi phunziro la mapu. Wofala kwambiri padziko ndi mamilimita 1,435, umene unafalikira kuchokera ku njanji za George Stephenson, yemwe sitima yake inatsegulira njanji ya Stockton ndi Darlington mu 1825. Kum'mwera kwa Africa ndi njanji zakale za ku Japan ndi 1,067, ku Russia 1,520, ku India 1,676. Shinkansen, njanji ya sitima zothamanga kwambiri ya ku Japan, imene inayamba mu 1964, inamangidwa pa 1,435. Ana ajambule mipata imeneyi pansi ndi choko, koma kunyumba, osati kukayeza njanji yeniyeni.

Za mabuleki zimathandizanso pa chitetezo. Gudumu lachitsulo limakhudza njanji pa kamalo kochepa ngati kandalama kachitsulo, n'chifukwa chake injini imodzi imakoka katundu wochuluka, komanso n'chifukwa chake sitima siima msanga: yakatundu yolemera ikhoza kuyenda kupitirira kilomita mabuleki atamangidwa kale. Mabuleki a mpweya anayambitsidwa ndi George Westinghouse mu 1869, ndipo anawakonzanso mu 1872 kuti mpweya ukatayika m'paipi, monga bogi ikaduka, amange okha.

Pepala la mafunso likhale limodzi pa mwana, pa kabolodi kolimba, ndi pensulo osati cholembera cha inki. Musadzaze ulendo wonse ndi ntchito. Kwa ana aang'ono ulendo wa mphindi 45 mpaka 90 popita pokha n'ngokwanira, ndipo pobwerera ambiri amagona.

Ulendo wathu ukufuna kusintha sitima panjira, ndipo mwana mmodzi amayendera njinga ya olumala. — Bambo wa mwanayo

Kompyuta ikakupatsani mphindi 7 zosinthira sitima, imawerengera munthu mmodzi wa chikwama chimodzi. Gulu la ana lokhala ndi njinga likufunika mphindi 20 mpaka 30, chifukwa chikepe cha pasiteshoni chimanyamula anthu ochepa ndipo pena chimakhala chowonongeka. Gulani tikiti imodzi ya ulendo wonse. Sitima yoyamba ikachedwa, kampani imakhala ndi udindo wokuikani pa yotsatira, zomwe sizichitika nthawi zonse mukagula zigawo ziwiri padera. Musakonze zobwerera pa sitima yomaliza ya tsikulo, ndipo kutatsala masiku awiri onaninso ngati sakukonza njanji, chifukwa akatero amaika mabasi, amene sangatenge gulu lonse nthawi imodzi.

Malo a njinga m'sitima amakhala ochepa, pena amodzi kapena awiri, ndipo akhoza kukhala m'bogi ina osati imene aika gulu. Choncho yambani ndi kusungitsa malo amenewo, kenako mupemphe kuti mipando ya enawo aiike pafupi, mwana wanu asakhale kwayekha ndi inu anzake akuseka kwina. Apatseni muyeso wa njingayo m'lifupi ndi m'litali. Chithandizo chokwezera njinga chimapemphedwa padera: m'maiko a European Union lamulo ndi lodziwitsa kutatsala maola 24, pamene Passenger Assist ya ku Britain imalandira pempho kutatsala maola awiri, ngakhale kwa gulu ndi bwino kutero tsiku lomwe mwagula matikiti. Tchulani siteshoni iliyonse, yokwerera, yosinthira ndi yotsikira, popita ndi pobwera.

Matikiti musawataye mukafika. M'maiko a European Union omwewo, pa maulendo amene lamuloli limakhudza, kuchedwa kwa mphindi 60 mpaka 119 kumabwezetsa 25 peresenti ya mtengo wa tikiti, ndipo kwa mphindi 120 kapena kuposa 50 peresenti. Wopempha ndi amene analipira, ndiye alembe nthawi imene sitima inafika ndipo ajambule tikitiyo isanamezedwe ndi makina a pachipata.